Mankhwala Amene Asisi Sanamwe

Ndinadzuka kunja kusanache. Sindinganene kuti ndinagona kwenikweni, chifukwa pabalaza tinali titapanikizana amayi ambiri pasimenti, mipando yonse itatulutsidwa panja kwa abambo, ndipo mwendo wa mayi wina unali utanditsamira pamsana. Inali nyengo yozizira. Mphepo inkalowera pansi pa chitseko pamodzi ndi fumbi la m'komboni yathu ya Mtendere. Magetsi anali atazima chiyambire dzulo lake, choncho ndinafufuza nsapato zanga ndi manja pamulu wa nsapato za anthu pakhomo, n'kutuluka.

Limenelo linali tsiku loika asisi anga a Misozi. Ine ndine Nelia, chitsiriza m'mimba mwa amayi. Ndinabwera ku Lusaka kuchokera kumudzi kwathu ku Katete nditangomaliza sukulu, asisi atadwala khansa ya khomo la chiberekero. Ndinabwera kudzawadwazika ndi kudzayang'anira ana awo awiri, Dalitso ndi Tisa. Ndine amene ndinkagona pansi pambali pa bedi lawo kuchipatala chachikulu. N'chifukwa chake masiku onse a maliro ntchito yanga inali imodzi. Kwathu munthu akafika pamaliro amakhala pansi, amalira, kenako amafunsa mmene matenda anayendera, ndipo woyankha amakhala wodwazika. Aliyense akafika ankandiitanitsa. Ndinali nditafotokoza kambirimbiri, mpaka mawuwo ankangotuluka okha: anayamba ndi kutaya magazi, anawatentha ndi makina, anamwa mankhwala, impso zinafooka, anatisiya m'mawa wa Lachiwiri.

Panja, pansi pa tenti, abambo anali atagona chokhala m'mipando, makhoti atafunda kumutu. Chipika chimene chinayaka usiku wonse chinali chitatsala makala okhaokha. Alamu anga, mwamuna wa asisi, anali maso. Iwo ndi dalaivala wa minibasi, anabadwira m'tauni momwemo, makolo awo ndi a Chibemba. Atandiona anadzuka n'kunditsatira kuseri kwa nyumba kumene ndinkakatunga madzi m'diramu.

“Mulamu, bamama bafika lelo,” anatero motsitsa mawu, m'chinyanja chawo cha m'tauni. “Bakakufunsa, ukambe chabe mwamene wakhala ukambila benangu. Va mankhwala vija usiye. Nakupapata, chonde. Bazanitengela bana.”

Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ndamva.

Nkhani ya mankhwalawo inali yotere. Mwezi wotsiriza madokotala anatiuza kuti zonse zimene anali nazo zalephera, chotsala n'kungochepetsa ululu. Pabedi loyandikana ndi la asisi panali mayi wina wa matenda omwewo, ndipo mwana wake wamkazi anawerenga pafoni kuti kuli mankhwala atsopano amene akuyesedwa kumayiko akunja. Asisi anafunsa dokotala. Anali wachinyamata, wodekha, ndipo sanabise kanthu. Anati mankhwalawo alipodi, koma sanavomerezedwe, palibe amene akudziwa ngati amathandiza, ndipo kwa munthu wa impso zofooka akhoza kufupikitsa masiku. Anati ilipo njira yopemphera chilolezo chapadera kwa wodwala amene watsala pang'ono, koma ndi yaitali, mwina akuluakulu akhoza kukana, ndipo iye sangaiyambe banja lisanamvane. Asisi anamufunsa kuti:

“Adokotala, munthu amene mwamuuza kale kuti akufa, mukumutetezanso ku chiyani?”

Alamu anakana. Anati mkazi wawo si woyeserapo mankhwala. Anati akafa atamwa zimenezo, komboni yonse idzanena kuti anamugulitsa kwa azungu, ndipo abale athu akumudzi sadzawamvera. Asisi sankafuna kuchita kanthu mwamuna wawo atakana, choncho anangotembenukira kukhoma. Patapita masiku, ndikuwapukuta m'manja, anandigwira chala n'kunena kuti amayi akadzafunsa ndisadzawanamize, ndidzawauze kuti iwo anafuna kuyesa.

Tsopano mantha a alamu anali atatembenuka. Kwathu ana ndi a kuchikazi. Amayi ankabwera ndi amalume, amene ndi eni mbumba, ndipo amalume anali atanena kale pafoni kuti za ana tidzakambirana tikaika maliro. Akanamva kuti panali mankhwala ndipo mkamwini anakana, Dalitso ndi Tisa akanakwera basi yopita ku Katete. Ndinaima pafupi ndi diramu lija ndi ndowa m'manja. Asisi ndinawalonjeza. Alamu ndinali nditangowavomera. Ine chibadwire sindinakanepo munthu wamkulu.

Kutayamba kuyera, amayi a kumpingo anayatsa mbaula m'mbali mwa mpanda. Utsi wa makala unkatsika pansi chifukwa cha kuzizira. Ena ankadula kabichi m'beseni losambira, ena ankasankha kapenta. Tiyi anawiritsira m'chitini chachikulu, ndipo makapu obwereka kwa anansi anali osakwana, moti munthu akamwa ankapatsira mnzake osatsuka. Amayi ogulitsa salaula, zovala zakaunjika, pamsika, anzawo a asisi, anafika pamodzi atavala zitenje zofanana. Anyamata oitanira minibasi anafika ndi nkhuni pawilibala, akukangana za amene wanyamula zambiri. Pakamsewu kathu sipankadutsikanso. Mwana wina ankagulitsa mazira owiritsa pakati pa olira, ndipo palibe anamuthamangitsa.

Amayi anafika dzuwa litakwera pang'ono. Basi yawo inali itawonongeka panjira. Nthawi yonse ya matenda sanabwere, chifukwa miyendo imawavuta, komanso asisi ankawaletsa, ankati adzabwere akachira. Tinamva kulira kwawo asanakhote pakona. Amalume anali atawagwira mkono. M'nyumba monse maliro anayambiranso ngati kuti asisi angomwalira kumene. Alamu atangoona amayi analowa kuseri kwa tenti. Sikunali kuthawa. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana kumaso, sakhala chipinda chimodzi, ndipo akafuna kulankhulana mawu amadzera mwa munthu wina. Chikwatirane ndi asisi, alamu ndi amayi anali asanalankhulanepo okha.

Kulira kutachepa anandiitana. Ndinakwawa pakati pa miyendo ya anthu n'kukhala kumapazi kwa amayi. Anandigwira kumaso ndi manja awiri, akuti ndaonda. Kenako anafunsa funso lija. Pabalaza panali zii. Alongo awo a alamu anali atakhala pafupi ndi chitseko, maso ali pa ine. Amalume anali ataima pawindo panja, chipewa chili m'manja, akumvetsera. Ndinayamba. Kutaya magazi, makina, mankhwala, impso. Nditafika pa mwezi wotsiriza ndinangonena kuti madokotala anati zonse zalephera. Ndinalumphira ku Lachiwiri. Amayi anagwedeza mutu, n'kunena kuti Mulungu wachita zake. Alongo a alamu anatsitsa maso. Mumtima ndinadziuza kuti sindinaname, ndangofupikitsa.

Tikukonzeka kunyamuka anayamba a chimbuya. Kuno ku Zambia ife akum'mawa ndi a Chibemba ndife anansi oseleulana, ndipo pamaliro a mmodzi wa ife, enawo amatitonza ndi kutipaka ufa kuti chisoni chichepe. Mayi wina wonenepa wa Chibemba, mnansi wathu, analowa ndi ufa m'mbale. Anapaka amalume pamphumi, anapaka amayi m'masaya, ine anandithira m'mutu.

“Imwe ba kum'mawa,” anakuwa, “mwana munamudyesa mbeba zingati kuti afe msanga so? Tinakuuzani, lekani kudya tunyama twa mumunda!”

Mayi wina wa ku Chipata, wogulitsa tomato, anamuyankha ali chikhalire. “Mbewa sizipha munthu, mayi iwe. Anadya kwawo zaka zonse ali bwinobwino. Wafera m'manja mwa a Bemba. Funsani uyo apo, ndi amene wamupha!”

Anthu anaseka, ngakhale amayi anamwetulira pang'ono ufa uli m'masaya. Alamu ankadutsa pakhomo atanyamula benchi. Nawonso anaseka, chifukwa pa chimbuya munthu sakwiya. Koma benchi lija linawapulumuka mbali imodzi n'kugunda pansi, ndipo akuwerama kuti alitole anandiyang'ana.

Kumochale kunali mabanja ambiri, lililonse likudikira wake. Ife akazi ochepa tinalowa kukaveka asisi. Ndinawamanga duku loyera la kumpingo. Nkhope yawo inali itachepa ngati ya mwana, ndipo amayi atawaona anangoti, “Misozi, ndiwe?” Kutchalitchi abusa analalikira za kuvomereza chifuniro cha Mulungu. Anati mlongo wathu analandira matenda ake mofatsa, sanalimbane ndi imfa. Anthu anavomera ameni. Ine ndinakumbukira asisi akukoka malaya a dokotala uja tsiku lina, akumufunsa ngati sangawapatse ngakhale theka lokha la mankhwalawo, iwo sadzauza munthu. Ndinakweza mutu kuyang'ana denga la malata mpaka ulaliki unatha. Podutsa kuona nkhope, Dalitso anayenda yekha, manja ali m'thumba ngati munthu wamkulu. Tisa ndinamunyamula ine. Anafunsa chifukwa chake amama agona ndi duku, ndipo ndinamuuza kuti kukuzizira.

Kumanda tinapita pamalole awiri ndi minibasi za anzawo a alamu. Ine ndinakwera kumbuyo kwa lole ndi akwaya, titaimirira, titagwirana m'mapewa. Mphepo inkatimenya kumaso. Pamsewu waukulu galimoto zina zinkatipitirira zikuliza hutala, anthu a m'mbali mwa msewu ena ankavula zipewa, ena ankapitiriza kugulitsa. Titapatuka kulowa msewu wadothi fumbi linatikwirira, moti nyimbo inasanduka chifuwa.

Manda ake ndi aakulu, opanda mtengo ndi umodzi womwe. Maliro ena ankaikidwa chapafupi, ndipo nyimbo zawo zinkasakanikirana ndi zathu. Dothi linali louma, lamiyala. Bokosi litatsika, alamu anagwada m'mphepete mwa dzenje, anzawo anachita kuwakoka. Anyamata anasinthana mafosholo. Kenako woyendetsa mwambo anayamba kuitana oika nkhata za maluwa: mwamuna, ana, mayi wobereka, ndipo pambuyo pake anaitana wodwazika. Anthu anang'ung'udza mondiyamikira. Mayi wina anati mwana uyu Mulungu amudalitse, ndi wokhulupirika. Ndinaika duwa langa mofulumira n'kubwerera kumbuyo kwa amayi.

Anthu akubalalika kupita kumalole, kunabwera mtsikana wovala jinzi ndi chitenje chomanga pamwamba. Ndinamuzindikira nthawi yomweyo. Anali mwana wa mayi wa bedi loyandikana uja, amene anawerenga za mankhwala pafoni. Mayi ake anali atamwalira sabata ziwiri asisi asanatisiye. Ndinafuna kumutsekereza, koma ndinachedwa. Anagwada pamaso pa amayi n'kuwagwira dzanja.

“Pepani mami. Ba Misozi benze bolimba maningi. Sembe banabalola chabe kuyesako yaja mankhwala yamene benze kufuna.”

Ananena mwachifundo chenicheni kuti asisi anali olimba kwambiri, bwenzi atangowalola kuyesa mankhwalawo, n'kudzuka kuthamangira minibasi. Amalume anali patsogolo ndi abusa, sanamve. Amayi anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana, kenako anandipatsa mkono kuti ndiwathandize kuyenda. Njira yonse yobwerera ndinakhala nawo m'minibasi, mwendo wawo ukugundana ndi wanga, ndipo sanandifunse chilichonse.

Pageti panali beseni la madzi, aliyense wochokera kumanda ankasamba m'manja asanalowe. Madziwo anafiira ndi fumbi. Anthu anadya ali chiimire, n'kuyamba kutsanzika. Eni tenti anafika kudzaipasula dzuwa lisanalowe, chifukwa inkafunika pamaliro ena ku Kalingalinga. Mipando inabwerera m'nyumba. Amalume analengeza kuti a banja tikhala pansi mawa m'mawa kukambirana za zovala ndi za ana, kenako anapita kukagona kwa mwana wa mnzawo kukomboni ya Ng'ombe. Alongo a alamu anatengako ziwiya zawo n'kupita.

Dzuwa litangolowa m'nyumba munatsala ife tokha. Nyumbayo ndi ya zipinda ziwiri, pakati pali katani m'malo mwa chitseko. Alamu anali pabalaza. Amayi anali kuchipinda, atakhala pamphasa, miyendo atatambasula, ana atagona pabedi osavula nsapato. Ndinawabweretsera madzi ofunda oti aviikemo mapazi.

“Khala pansi, Nelia,” anatero. “Tsopano undiuze matenda a mwana wanga. M'mawa uja unauza anthu.”

Katani ija ndi yopyapyala. Ndinkadziwa kuti alamu akumva. Ndinkamva mpando wawo ukulira akamasuntha. Ndinayamba ndi mawu otsika, koma amayi anati ndikweze, makutu awo ndi okalamba. Ndinawauza zonse, za mtsikana wa foni, za dokotala, za chilolezo, za kukana kwa alamu ndi chimene ankaopa. Ndinawauzanso za chala changa chimene asisi anagwira. Nditamaliza, madzi a m'beseni anali atazizira.

“Mankhwalawo akanamuchiza?”

“Palibe akudziwa, amayi. Adokotala omwe sankadziwa.”

“Akanamupha?”

“Mwina. Anati akanatha kufupikitsa masiku.”

“Iyeyo ankadziwa zimenezo?”

“Ankadziwa.”

“Nanga masikuwo anali a ndani?”

Amayi anatulutsa mapazi m'madzi n'kuwapukuta ndi chitenje mosafulumira. Kenako anati ndipite ndikawauze alamu, apongozi awo, kuti iwo amva.

Ndinadzuka, ndinapatula katani, ndinayenda mapazi ochepa n'kugwada pafupi ndi mpando wa alamu. Ndinanena mawu amene anali atawamva kale. Sanandikalipire. Anali atagwira mutu ndi manja awiri. Kenako anati, “Bauze ati ninayopa.” Ndinabwerera kuchipinda, ndinagwada, ndinanena kuti akuti anaopa.

“Ukawauze kuti nanenso akanandifunsa ndikanaopa,” amayi anatero. “Mwina ndikanakana kuposa iwowo. Koma mwana wanga anapempha chinthu chimodzi pamene china chilichonse chinali chitatha, ndipo ine mayi wake ndikuzimvera kumanda kwa munthu wachilendo.”

Ndinapita nawo mawuwo. Ndinayesa kuwafewetsa panjira, koma panalibe pofewetsa, ndinawanena mmene analili. Alamu anayamba kulira mosatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka. Anati ndikafunse ngati amalume auzidwa. Anati Dalitso ali pasukulu, Tisa sagona popanda kuwagwira khutu. Anati china chilichonse m'nyumbamo atenge, mipando, wailesi, bedi. Ndinabwerera. Mawondo anga anali atayamba kupweteka ndi simenti.

Amayi anayang'ana ana pabedi. Panja wina ankakolopa pamene panali mbaula. Kubala la mowa la kuseri anali atatsegulanso wailesi imene anaizimitsa masiku onse a maliro.

“Amalume ako ndi a mtima wapachala,” anatero pomaliza. “Akamva, ana awa mawa akwera basi, ndipo bambo awo sadzawaonanso bwino. Ana sanalakwe kanthu. Amalume ako sindiwauza, iwenso usawauze. Ana atsale.”

Ndinayamba kudzuka kuti ndikanene, koma anandigwira chitenje.

“Sindinamalize. Adzukulu anga sindingawasiye m'nyumba imene munthu amapempha kanthu ali pafupi kufa, ife kumudzi osadziwa. Pakufunika wa kwathu pano, woti wina akadwala adzandiuze zonse tsiku lomwelo. Utsala ndiwe.”

Ine ndinkaganiza kuti maliro akatha ndibwerera nawo limodzi. Ndinkaganiza za anzanga a kusukulu, za kamunda kanga ka mtedza, za kugona usiku wonse popanda wondiitana. Ndinatsegula pakamwa. Amayi ankandiyang'ana ndi maso ofiira, ufa wa chimbuya udakali m'mphepete mwa duku lawo.

“Chabwino, amayi,” ndinatero.

Ndinapatula katani komaliza n'kukagwada. Ndinawauza alamu kuti ana atsala. Anawomba m'manja mwaulemu atayang'ana kukatani, kuti amayi amve kuthokoza kwawo. Atapukuta m'maso anandifunsa mofatsa kuti nanga ine ndinyamuka liti.

Ndinawauza kuti sindikupita.

Kenako ndinalowa kuchipinda kukavula ana nsapato.